Laputopu ikakana Wi-Fi ya pakhomo, yambirani apa

Intaneti isanafike pa sikirini yanu imadutsa magawo atatu: kuchokera ku kampani kufika pa rauta, kuchokera pa rauta kufika pa kakhadi ka Wi-Fi kamene kali m'kati mwa laputopu, kenako m'kati mwa Windows momwemo. Ambiri amathamangira gawo lachitatu, n'kuyamba kusinthasintha zinthu zomwe zinali bwinobwino, pamene vuto ndi bandulo yomwe yatha usiku. Ntchito yoyamba ndi kudziwa pamene padukira. Malangizowa ndi a Windows 10 ndi Windows 11, ndipo mawu a pa sikirini tawasiya m'Chingerezi monga mmene mudzawaonere.

Foni ikuuzeni kaye

Tengani foni, zimitsani data ya pa simu khadi, ilumikizeni ku Wi-Fi yomweyo, ndipo tsegulani tsamba lomwe simunalitsegulepo lero. Kuzimitsa data n'kofunika chifukwa mafoni ambiri akaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti amabwerera okha ku data mwakachetechete, inu n'kumati rauta ili bwino. Foni ikakanikanso, laputopu isiyeni, ilibe mlandu. Vuto lili pa rauta kapena ku kampani.

Foni ikatsegula tsambalo, chitani yeso lachiwiri. Yatsaninso data, tsegulani hotspot pa foniyo, ndipo yesani kulumikiza laputopu. Ikalumikizika ku hotspot koma n'kumakana rauta, ndiye kuti kakhadi kake ndi kamoyo, kungoti pali kusamvana pakati pa iyo ndi rauta. Ikakana zonse ziwiri, vuto lili m'laputopu momwemo. Mphindi zitatu zimenezi zimapulumutsa tsiku lonse.

Ngati vuto lili pa rauta

M'makomo ambiri rauta ndi ya simu khadi, ya Airtel kapena TNM, kapena ka MiFi kokwana m'thumba. Choyamba onani bandulo. Rauta yopanda bandulo imaulutsabe Wi-Fi mwamphamvu, timizere tonse todzaza, chifukwa timizere timeneto timangoyeza mphamvu ya Wi-Fi pakati pa inu ndi rauta, sitiyeza intaneti.

Bandulo ikakhala ilipo, zulani rauta ku magetsi, dikirani masekondi 30, ibwezereni, ndipo ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu kuti igwire netiweki. Izi zimathandiza kwambiri magetsi akathima n'kubwera mogwedera, chifukwa rauta imatha kuyaka theka: nyali zikuwala, koma mbali yogawa maadiresi kwa mafoni ndi malaputopu yaima. Nyali ya netiweki ikakhala yofiira, zimitsani rauta, tulutsani simu khadi, ipukuteni ndi kansalu kouma, muibwezere bwinobwino, kenako sunthirani rautayo pafupi ndi zenera. Amene muli ndi intaneti ya fibre, nyali yolembedwa LOS ikamawala kapena kuphethira mofiira ndiye kuti kuwala sikukufika m'chingwe. Pamenepo palibe chochita inu, imbirani kampani.

Chaja ya rauta nayo imakalamba. Marauta ambiri a pakhomo amadya 12V, ndipo chaja ikafooka, kapena wina akaisinthanitsa ndi ya chipangizo china yokhala ndi mphamvu zochepa, rauta imayaka koma imadzizimitsa n'kuyakanso yokha anthu akangochuluka. Yerekezani manambala a pa chaja ndi olembedwa kunsi kwa rauta.

Kabowo kolembedwa Reset musakakhudze panopa. Mukakanikiza kwa masekondi pafupifupi 10, rauta imaiwala zonse: dzina la Wi-Fi, pasiwedi yomwe munaika, ngakhale zimene a kampani anaikamo kuti ilumikizike. Kumeneko n'kothera, osati koyambira.

Chizindikiro cha Wi-Fi chikasoweratu

Pakona ya kumanja pansi pa sikirini pakangooneka kadziko kozungulira, ndipo mukadina osaona mndandanda wa manetiweki, kakhadi ka Wi-Fi n'kozimitsidwa kapena Windows sakukaona.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi A. Onetsetsani kuti Airplane mode ndi yozima ndipo Wi-Fi ndi yoyaka. Kenako yang'anani mzere wa pamwamba pa kiyibodi, pezani batani lokhala ndi chithunzi cha ndege kapena ka mlongoti. Pa ma HP ambiri ndi F12, ndipo lili ndi kanyali: koyera ndiye kuti Wi-Fi yayaka, kachikasu chofiirira ndiye kuti yazima. Pa malaputopu ena muyenera kugwira Fn uku mukudina. Malaputopu akale a Dell Latitude ndi ThinkPad ali ndi kaswichi kokankha m'mbali kapena kutsogolo, ndipo kamakankhika kokha poika m'chikwama. Ana nawo amakakonda.

Zikakanika, sankhani Restart, osati Shut down. Kusiyana kwake n'kwenikweni. Windows ali ndi Fast Startup, yomwe pa Shut down imasunga mbali ina ya zomwe zinali m'kati, kuphatikizapo driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo monga kakhadi ka Wi-Fi) yomwe yasokonekera, n'kudzazibwezera momwemo mukayatsa. Restart ndiye imayamba zonse mwatsopano.

Pambuyo pake dinani Start ndi batani la kumanja la mbewa, sankhani Device Manager, ndipo tsegulani Network adapters. Fufuzani dzina lokhala ndi mawu akuti Wireless, Wi-Fi kapena 802.11. Nthawi zambiri limayamba ndi Intel, Realtek, Qualcomm kapena MediaTek. Pakakhala kamuvi koloza pansi, kakhadi kanazimitsidwa: dinani kumanja n'kusankha Enable device. Pakakhala kachizindikiro kachikasu, driver yavuta, ndipo tifikako. Dzinalo likasoweratu, dinani Action kenako Scan for hardware changes. Likapanda kubwera, onaninso pansi pa Other devices ngati pali Network Controller wachikasu. Zimenezi zimachitika kwambiri laputopu ikangoikidwa Windows watsopano kumsika, woikayo n'kuiwala ma driver.

Pali chinanso chimene chimaiwalika. Dinani Windows ndi R, lembani services.msc, pezani WLAN AutoConfig. Iyenera kukhala pa Running, ndipo Startup type ikhale Automatic. Mapulogalamu ena oti amafulumizitsa kompyuta amaizimitsa, Wi-Fi n'kufera pomwepo.

Ikuona za aneba, yanu ayi

Apa kakhadi kali bwino, koma rauta ikuulutsa m'njira yomwe laputopu siimva. Zifukwa zake zodziwika ndi zinayi.

Choyamba, Wi-Fi imayenda pa 2.4 GHz ndi 5 GHz. Malaputopu akale ndi ena otsika mtengo amamva 2.4 GHz yokha. Kuti mudziwe yanu, lembani cmd pa Start, tsegulani Command Prompt, lembani netsh wlan show drivers ndi kudina Enter. Pa mzere wa Radio types supported, mukangoona 802.11b, 802.11g ndi 802.11n popanda 802.11a kapena 802.11ac, yanu siimva 5 GHz. Lowani m'rauta pogwiritsa ntchito foni n'kuyatsa 2.4 GHz. Adiresi yolowera imalembedwa pa sitika ya kunsi. Ya ma Huawei ambiri ndi 192.168.8.1, ya ZTE ndi TP-Link kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Pasiwedi yolowera m'rauta ndi yosiyana ndi ya Wi-Fi, ndipo nayonso imakhala pa sitika yomweyo ngati simunaisinthe.

Chachiwiri chimapusitsa ngakhale akatswiri, ndipo chimakhudza malaputopu akaunjika ochokera ku America. Pa 2.4 GHz, maiko ambiri amalola matchanelo 1 mpaka 13, koma zipangizo zopangidwira America zimalekezera pa 11. Rauta ikakhala pa Auto imatha kudzisankhira tchanelo 12 kapena 13 ikangoyakanso, ndipo laputopu yotereyi siionanso dzina la Wi-Fi, pamene dzulo limaoneka. Chizindikiro chake n'chakuti vutoli limabwera n'kumapita lokha. Lowani m'rauta, chotsani pa Auto, ikani 1, 6 kapena 11. Atatuwa ndi amene salowererana.

Chachitatu ndi rauta yatsopano ya Wi-Fi 6 pamodzi ndi kakhadi ka Intel kokhala ndi driver yakalekale. Kakhadi kotere sikaona n'komwe netiwekiyo mpaka driver itasinthidwa. Chachinayi n'chapafupi: wina pakhomo anabisa dzina la Wi-Fi poopa aneba. M'rauta yang'anani Hide SSID kapena SSID broadcast.

Ikuiona koma ikuti Can't connect to this network

Yambani ndi kuiwalitsa netiwekiyo. Pitani ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, Manage known networks, sankhani dzina lanu n'kudina Forget. Windows amasunga pasiwedi yakale pamodzi ndi mtundu wa chitetezo, ndiye wina akasintha chimodzi mwa izi pa rauta, laputopu imangolimbikira zakale osakufunsani.

Polembanso pasiwedi, dinani kadiso kali kumapeto kwa bokosi kuti muone zomwe mukulemba. Pasiwedi ya Wi-Fi siichepera zilembo 8, ndipo chilembo chachikulu ndi chaching'ono zimawerengedwa mosiyana. Pa sitika, 0 ndi O zimafanana, chimodzimodzi 1, l ndi I. Ndiyeno pali msampha wa kiyibodi. Laputopu yochokera ku Britain ikaikidwa Windows wa kiyibodi ya ku America, kapena mosemphanitsa, zizindikiro za @ ndi " zimasinthana malo, ndipo # imapita kwina. Munthu amalumbira kuti walemba bwino, ndipo zoonadi zala zake zadina moyenera, koma chomwe chalowa n'china. Kadiso kaja kamaulula zonse.

Pasiwedi ikakhala yolondola, onani chitetezo cha rauta. Ikakhala pa WPA3 yokha, malaputopu akale amakanika, ndipo Windows 7 ndi 8 saidziwa n'komwe. Ikani pa WPA2-PSK ndi AES. Njira yosakaniza ya WPA2/WPA3 imayenera kulandira onse, koma timakhadi tina takale timakakamira pomwepo, choncho poyesa sankhani WPA2 yokha. Musatsikire ku WEP kapena kuchotseratu pasiwedi, chifukwa bandulo yanu idzadyedwa ndi mudzi wonse.

Muli m'rauta momwemo, onani mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Ma MiFi ambiri amalandira zipangizo 10 kapena 16 basi, ndipo mafoni a pakhomo, TV ndi a alendo a sabata yatha amadzaza malo mosadziwika. Onaninso MAC filter kapena Blacklist, mwina laputopu inatsekedwa mwangozi. Ngati rauta imangolola zipangizo zolembedwa, zimitsani Random hardware addresses mu Settings ya Wi-Fi pa laputopu, chifukwa imeneyi imachititsa laputopu kubwera ndi nambala ina yomwe rauta siidziwa.

Yalumikizika koma ikuti No internet, secured

Apa m'pamene pamafunika kufatsa, ndipo Command Prompt ndiye chida. Lembani ipconfig n'kudina Enter. Pezani chigawo cha Wireless LAN adapter Wi-Fi, muwerenge mizere iwiri: IPv4 Address (adiresi ya laputopu) ndi Default Gateway (adiresi ya rauta).

Adiresi ikayamba ndi 192.168, rauta yakupatsani malo. Ikayamba ndi 169.254, rauta sinakupatseni kalikonse ndipo Windows wangodzipatsa yekha nambala yosapita kulikonse. Zikatero lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew. Ikabweranso 169.254, zimitsani rauta n'kuyatsanso, ndipo onani m'kati mwake ngati DHCP, mbali yogawa maadiresi ija, ndi yoyaka.

Adiresi ikakhala yachilendo, yosafanana ndi ya foni yanu, mwachitsanzo foni ili pa 192.168.8 koma laputopu ili pa 10.0 kapena 172.16, ndiye kuti wina anailemba pamanja, kawirikawiri ku ofesi kapena ku sukulu. Dinani Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani kumanja pa Wi-Fi, Properties, kenako Internet Protocol Version 4, ndipo sankhani Obtain an IP address automatically pamodzi ndi Obtain DNS server address automatically. Ngati laputopuyo ndi ya kuntchito, jambulani kaye manambala akalewo ndi foni, mudzawafuna Lolemba.

Adiresi ikakhala yabwino, yesani katatu motsatana. Choyamba lembani ping ndi nambala ya Default Gateway, monga ping 192.168.8.1. Mukaona Reply from kanayi, msewu wa pakati pa laputopu ndi rauta uli bwino. Chachiwiri, ping 8.8.8.8. Ikayankha, intaneti ikufika ndithu. Chachitatu, ping google.com. Chachiwiri chikayankha koma chachitatu n'kukana, vuto ndi DNS, yomwe ntchito yake ndi kusandutsa dzina la tsamba kukhala nambala. Nthawi zina mudzaona kuti pulogalamu ina ikugwirabe ntchito pamene masamba onse akukana. Lembani ipconfig /flushdns. Zikapanda kusintha, bwererani ku Internet Protocol Version 4 kuja, sankhani Use the following DNS server addresses, ndipo lembani 8.8.8.8 pamwamba, 1.1.1.1 pansi. Yoyambayo ndi ya Google, yachiwiri ndi ya Cloudflare.

Zitatu zonse zikayankha koma Chrome kapena Edge n'kumakanabe, pali zokayikira zitatu. Proxy: pitani ku Settings, Network & internet, Proxy, ndipo zimitsani Use a proxy server. VPN: izimitseni, ndipo ngati ndi ija yaulere yomwe munaika kalekale, ichotseni, chifukwa ena amatseka intaneti yonse akalephera kulumikizika. Chachitatu ndi tsiku ndi nthawi. Laputopu ikamaonetsa chaka cholakwika, masamba otetezedwa amakana n'kulemba kuti Your connection is not private kapena Your clock is behind. Konzani nthawi mu Settings. Ikamabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse batire lalikulu likatheratu, kabatire kakang'ono ka pa bodi, kawirikawiri CR2032, katha mphamvu ndipo kakufunika kusintha.

Antivayirasi yomwe nthawi yake inatha nayonso imatha kutseka njira. Izimitseni kwa mphindi zochepa muone.

Imagwira n'kumaduka

Lembani netsh wlan show interfaces ndipo onani mzere wa Signal. Ikatsika kufika cha m'ma 40 peresenti, kuduka sikudabwitsa. Makoma a njerwa zowotcha ndi konkire amadya Wi-Fi, makamaka ya 5 GHz, yomwe imathamanga koma siipita patali. Kuchipinda chakutali gwiritsani ntchito 2.4 GHz. Rauta ikhale pamwamba, poyera, osati pansi, m'kabati, kapena kuseri kwa TV ndi firiji. Vuto la rauta ya simu khadi n'lakuti imafuna zenera kuti igwire netiweki, pamene anthu amaifuna pakati pa nyumba. Sankhani zenera lomwe lili pafupi ndi pamene mumagwirira ntchito.

Ikamaduka laputopu ikangodzuka ku Sleep, kapena ikakhala pa batire, bwererani ku Device Manager, dinani kawiri pa kakhadi ka Wi-Fi, tsegulani Power Management ngati ilipo, ndipo chotsani chizindikiro pa Allow the computer to turn off this device to save power.

Driver ndi Network reset

Vuto likayamba Windows atangodzisintha, tsegulani kakhadi mu Device Manager, pitani pa Driver, dinani Roll Back Driver ngati batanilo likudinika. Ngati silikudinika, dinani kumanja pa kakhadi, sankhani Uninstall device, koma musachonge kabokosi kofufutira driver, kenako Restart. Windows amaibwezera yekha.

Kuti mupeze driver yatsopano mukufunika intaneti, ndipo njira yachidule ndi chingwe cha foni. Lumikizani foni ya Android ndi chingwe cha USB chotumiza data, yatsani USB tethering, laputopu ilandira intaneti popanda Wi-Fi. Chingwe cha Ethernet kuchokera pa rauta chimachitanso chimodzimodzi ngati laputopu ili ndi bowo lake. Tengani driver pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopuyo, polemba nambala ya mtundu wake yomwe ili kunsi. Mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse kamodzi apeweni, ambiri amabwera ndi zinyalala. Musanayambe, yatsani Metered connection pa netiwekiyo, apo ayi Windows Update imeza bandulo ya foni musanamalize.

Zikakanikabe, tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, lembani netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, ndipo chitani Restart. Chomaliza kumbali ya Windows ndi Network reset. Pa Windows 11 ili mu Settings, Network & internet, Advanced network settings. Pa Windows 10 ili pansi pa tsamba la Status. Imachotsa timakhadi tonse ta netiweki n'kutibwezeranso, laputopu imadziyatsanso pakatha mphindi 5, ndipo mapasiwedi a Wi-Fi omwe inasunga amafufutika. Sungani ntchito yanu, ndipo pasiwedi ya pakhomo ikhale pafupi.

Pamene chawonongeka ndi chipangizo

Laputopu ikamagwira Wi-Fi pokhapokha mutaiika pafupi penipeni ndi rauta, pamene foni ikugwira mpaka panja, kayikirani timawaya ta mlongoti. Ndi tiwiri, kakuda ndi koyera kapena kotuwa, timachoka pa kakhadi, kudutsa pa hinji n'kukwera m'mphepete mwa sikirini. Timaduka hinji ikathyoka, kapena timasiyidwa tosalumikiza pamene wina anasintha sikirini kapena kiyibodi. Chizindikiro china n'chakuti Wi-Fi imabwera n'kupita mukamasuntha chivundikiro. Timitu take timangodinikizidwa pa kakhadi ngati batani la malaya, koma n'tosachedwa kuphwanyika, choncho amene sanatsegulepo laputopu apite nayo kwa wokonza.

Kakhadi kakamaonetsa Code 10 kapena Code 43 ngakhale mutasintha driver, kapena kakamasowa n'kumabwera mu Device Manager, yesani izi kamodzi: zimitsani laputopu, zulani chaja, chotsani batire ngati limachoka, gwirani batani loyatsira masekondi 30, kenako yatsani. Onaninso mu BIOS (ma Settings a laputopu omwe mumalowamo ikangoyaka, Windows asanatseguke) ngati Wireless LAN ili pa Enabled. Zikapanda kuthandiza, kakhadiko kafa. Pa malaputopu ambiri kamamasuka ndi sikuluwu imodzi ndipo kamasinthika, koma pa ena opyapyala anakawotcherera pa bodi, ndipo ma HP ndi Lenovo ena akale amakana kakhadi komwe si ka mtundu wawo.

Njira yosavuta ndi kugula kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB. Pogula funsani ngati kamamva 2.4 GHz ndi 5 GHz zonse, zomwe pa paketi zimalembedwa kuti dual band kapena AC, ndiponso ngati kamagwira ntchito ndi Windows wanu. Pitani ndi laputopu kusitolo mukayesere pomwepo pa hotspot ya foni yanu. Mukafika kunyumba, zimitsani kakhadi kakale mu Device Manager posankha Disable device, kuti Windows asamasokonezeke posankha pakati pa tiwirito.